Mphindi Zinayi za Alamu Anga a Vernon

Alamu anga a Vernon Sobczak anabadwa pa nthawi yake. Dokotala anauza amayi awo kuti mwana abwera Lachiwiri 6 koloko m'mawa, ndipo belu la fakitale ya magalasi ya kuno ku Toledo litangolira, iwo anatulukira, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma, kenako n'kuyamba kulira. Ine kunalibe, koma aliyense amene anadyapo nawo patebulo limodzi sangatsutse.

Anagwira ntchito mufakitale yomweyo zaka 38. Belu likalira ankasiya chilichonse chimene chili m'manja. Akuti tsiku lina belu lowerukira linawapeza ali pakati poyetsemula, ndipo anakamalizitsa mawa lake atalowanso ntchito. Mlongo wanga Lorraine anakwatiwa nawo chifukwa ankafika nthawi imene anena, ndipo mpaka lero akufunafunabe chifukwa chachiwiri.

Mpira umene a Vernon ankaudziwa ndi wathu uno wa ku America, wa zipewa zolimba, wothamanga utaupanira kukhwapa. Ankaukonda chifukwa cha wotchi yake. Imayambira pamwamba, imatsika, ikafika pa ziro aliyense azipita kwawo. Komanso umaimaima kuti a pa TV atsatse magalimoto ndi mankhwala a m'mimba, moti munthu ukhoza kupita kuchimbudzi, kumeta ndevu, kukhoma denga, n'kubwerera n'kupeza anyamata aja akadaunjikana, akunong'onezana. Mpira wa miyendo, umene kuno timati soka, iwo ankati ndi njira yotopetsera ana kuti agone msanga.

Ndiye Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Kendra, amene anayamba kumenya soka ali ndi zaka zisanu. Sindinganene kuti bambo ake sankapita kukamuonera. Ankapita. Ankaima pampanda manja ali m'thumba, n'kuonera pang'ono, kenako n'kunyamuka masewero asanathe kuti apewe kuthithikana kwa magalimoto potuluka. Magalimoto ake anali asanu ndi awiri, imodzi yakufa. Kendra ankabwerera kunyumba ndi amayi ake, n'kupeza bambo ake ali kale pampando akufunsa kuti zatha bwanji.

Mwana akukula, tauni nayo inasintha. Soka inalowa ngati chimfine. Malo omwera mowa anayamba kutsegula 7 koloko m'mawa kuti anthu aonere matimu a ku England, ndipo azibambo amene sangaloze England pamapu ankalira misozi yeniyeni m'makapu awo. Mnzanga wina amalipira makampani anayi mwezi uliwonse, chifukwa timu yake ikasewera Loweruka imaoneka kwina, ikasewera Lachitatu imaoneka kwina. Galu wake anaonda. A Vernon ankangoti TV iyenera kugwa kuchokera kumwamba ngati mvula, kudzera pamlongoti wa padenga, ndipo wolipira kuti aone anthu akuthamangitsana ndi wofunika kumupempherera.

Kendra anafika posewera mpira ngati ntchito, mutimu ina ya kumwera. Anali wotchinga kumbuyo, jezi nambala 4, ndipo zaka zisanu ndi zinayi sanagoletsepo ngakhale chigoli chimodzi. Ntchito yake inali yoletsa ena. Chaka chatha bondo lake lamanzere linakana, ndipo anaganiza zosiya. Anaimba foni ine ndili pomwepo, chifukwa alamu anali atangowaika chitsulo m'chiuno ndipo ndinkabwera kudzawadyera chakudya chawo.

"Ababa, Loweruka ndi gemu yanga yomaliza. Ndikudziwa kuti ndege simungakwere."

"Dokotala wandiletsa, mwanawe."

"Ndamva. Ndikungopempha chinthu chimodzi. Muonere pa TV mpaka kumapeto. Kamodzi kokha m'moyo mwanu, mudzandiuze inu mmene zathera."

A Vernon anati aonera. Munthuyu salonjeza kawirikawiri, ndipo akalonjeza nkhope yake imakhala ngati akusaina kubanki.

Vuto linali lakuti gemuyo sinkagwa kuchokera kumwamba. Inkafuna madola khumi ndi asanu pamwezi. Anaimbira kampani yoonetsa gemuyo n'kuuza mtsikana wa pafoni kuti iwo sakufuna mwezi, akufuna mphindi 90 basi, awadulire pompo. Mtsikanayo anati sizidulika. Anakambirana nthawi yaitali moti ine ndinamera imvi zatsopano, koma pomaliza anatulutsa khadi la kubanki m'chikwama. Chikwamacho chinalira potseguka, agalu a mumsewu wonse n'kuyankha.

Loweruka Lorraine anali atapita kale kubwalo pandege, ife awiri tinatsala. Gemu inkayamba 3 koloko masana. A Vernon anakhala pampando 1 koloko, rimoti ili pantchafu, atamwa khofi makapu atatu kuti tulo tisawabe.

"Alamu, wotchi iyi yawonongeka," anatero mpira utangoyamba. "Ikukwera."

"Imatero. Ikafika pa 45 apuma, ikafika pa 90 yatha."

"Yatha pa 90."

"Eya."

Mawu amenewo ndi anga, sindikana. Tsoka lake, chigawo choyamba palibe anavulala, palibe anagona pansi, ndipo woimbira analiza wenzulo wotchi itangogunda 45. A Vernon anagwedeza mutu ngati apeza m'bale wawo kudziko lachilendo.

Nthawi yopuma ndinawauza kuti apite kuchimbudzi. Anagwira ndodo kuti adzuke, koma a pa TV anayamba kuonetsa zithunzi za Kendra, poti akutsanzika, china ali kamwana jezi ikumufika m'mawondo. Anakhalanso pansi.

"Ndipita akayamba kutsatsa malonda," anatero.

"Uno satsatsa pakati, alamu."

"Atsatsa. Ino ndi America."

Sanatsatse. Pamphindi 60 anali atapinda mwendo, khofi uja akufuna potulukira. Pamphindi 70 anali atasiya kuyankhula, maso ali gwa pa TV, thukuta lili pamphuno. Ndikanawagunda ndi chala, tauni yonse ikanasamuka. Komabe ankaonera, ndipo ankaonera ngati mmene ankayenderera magalasi kufakitale, kufunafuna mng'alu. Mayi wina wa m'mbali mwa bwalo atakweza chikwangwani choyaka manambala, anafunsa ndi nsidze kuti n'chiyani. Ndinati nambala imene yakwezedwayo ndi ya wosewera amene akutuluka. Mayiyo anakweza katatu, atsikana atatu anatuluka, ndipo a Vernon anaona kuti chikwangwanicho sichinama.

Pamphindi 86 zigoli zinali zisanaoneke kulikonse. Ndinamva fungo la masoseji amene ndinasiya pamoto kuseri kwa nyumba, ndipo ndinatuluka kukawapulumutsa.

Zotsatirazi anandiuza okha. Wotchi inafika pa 90 n'kuima. Mayi uja anakweza chikwangwani, chili ndi nambala imodzi yokha, 4. A Vernon anawerenga monga anaphunzitsidwira: nthawi yatha, ndipo akutulutsa mwana wawo kuti anthu amuombere m'manja. Anaona kuti atsikana akuthamangabe, koma ngakhale kufakitale kunali anthu ena osamva belu. Anazimitsa TV, poti magetsi sapsa pachabe m'nyumba mwawo, n'kuthamanga ndi ndodo yawo liwiro limene dokotala akanaliona akanabweza satifiketi. Atatuluka m'chimbudzi, ali wopepuka ndi wonyada, anaimbira Kendra n'kusiya uthenga pafoni: "Mwanawe, ndine bambo ako. Ndaonera mpaka kumapeto. Palibe wagoletsa, koma palibenso wakudutsa. Ndamaliza."

Ndikulowa ndi mbale ya masoseji ndinapeza TV ili bii, foni yanga ikulira. Anali Lorraine. Kumbuyo kwake kunali phokoso ngati denga likugwa.

"Achimwene, bambo a Kendra aona? Apatseni foni, aona?"

Nambala 4 ija inali ya mphindi zowonjezera. Pamphindi yachitatu timu ya Kendra inapeza kona, otchinga kumbuyo onse anapita kutsogolo, ndipo mwana wa mlongo wanga analumpha ndi bondo lake lakufa lija n'kuumenya ndi mutu. Chigoli chake choyamba ndi chomaliza. Anthu masauzande anachiona, ndi ena onse amene analipira madola awo, kupatula munthu mmodzi amene anapemphedwa.

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono. A Vernon anakhala pansi.

"Munati yatha pa 90."

"Ndinaiwala kamchira kake, alamu."

"Nthawi ilibe mchira."

Ine monga malume wanzeru ndinapereka malangizo. Ndinati ndalama zawo zija zimalola kubwereza gemu, tionere chigolicho kakhumi, akaimba mwanayo anene kuti anachiona ndipo anakuwa mpaka chitsulo cha m'chiuno chinatentha. Ndi pamene anandiuza za uthenga uja.

Kendra anaimba patapita ola. A Vernon anaika foni patebulo kuti tonse timve, mwina pofuna mboni.

"Ababa, ndamvera uthenga wanu."

"Eya."

"Munkapewa magalimoto angati pabalazapo?"

Ine ndinaseka ndekha. Bambo ake sanaseke, ndipo mawu a mwanayo sanali a munthu woseka.

"Ndinazimitsa pa 90," anatero a Vernon. "Ndinaona nambala yako, ndinayesa akukutulutsa. Chigoli chako sindinachione. Malume ako amati ndiname."

"Amalume ndikuwadziwa."

Ndinadya soseji mwakachetechete, mmene soseji ingalolere.

"Koma bondolo linayamba kukupweteka pamphindi 58," anapitiriza a Vernon. "Unasiya kutembenukira kumanzere, unkazungulira thupi lonse. Nambala 9 wawo uja anazindikira, anayamba kudzera komweko. Ndiye iwe unamukankhira mnzako wa tsitsi lofiira uja mbali imeneyo, iwe n'kulowa pakati, osauza ndi aphunzitsi omwe. Ndipo wa pagolo wanu umamukalipira ndi chala chimodzi m'mwamba, ngati amayi ako."

"A pa TV ananena zimenezo?"

"A pa TV amayankhula za nyengo."

Kendra anapuma mwamphamvu. Kumbuyo kwake anzake ankaimba nyimbo.

"Sizikukwana, ababa. Ndinati mpaka kumapeto."

"Ndikudziwa."

"Chabwino. Mvetserani. Dzinja likatha ndikubwerera ku Toledo, andipatsa timu ya atsikana aang'ono kuti ndiziwaphunzitsa. Loweruka lililonse m'mawa. Mudzabwera pagalimoto yanga, makiyi adzakhala m'thumba mwanga. Mpando wanu ndidzauika pafupi ndi ine."

"Kulipira zingati?"

"Ulere. Koma kulibe rimoti."

A Vernon anafunsa kuti gemu ya anawo imatenga mphindi zingati. Kendra anati imatha woimbira akanena. Bambo ake anatsegula pakamwa, chifukwa zimenezo kwa iwo ndi chisokonezo chimene chinagwetsa maufumu, koma anatsekanso.

Panopa apitako Loweruka khumi ndi limodzi. Ndinawaperekeza kamodzi. Amakhala pampando wopinda, alibe khofi m'manja, wotchi yawo ataivula n'kuiika m'thumba la malaya. Wenzulo womaliza akalira sakhulupirira. Amadikira ana achoke, makolo achoke, woimbira akwere njinga yake. Tsiku limene ndinapitalo Kendra anali atanyamula kale mipira yonse, ataima pagalimoto, iwo akadali pampando moyang'anizana ndi bwalo lopanda munthu.

"Ababa, yatha."

"Ukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza. Tiyeni."