Mayi Amene Sankadziwa Dzina la Tauni

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, tikukhala ku Braunstone, ine ndi amayi anga, m'nyumba ya khonsolo yomwe makoma ake ankachita chinyezi nyengo yozizira. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Akakhala pa shifiti Loweruka ankandisiya ku Evington kwa a Mwale, banja lolemekezeka kutchalitchi kwathu. Mwana wawo Tadala anali mnzanga wapamtima.

M'nyumbamo munali mayi wina, Anti Esinati. Mayi Mwale ankati ndi msuweni wawo wakumudzi. Sankakhala nafe patebulo. Ankadya ataimirira pafupi ndi sinki, ndipo ankagona m'galaja, pamatiresi, pakati pa makatoni. Manja awo anali ong'alukang'aluka ndi mankhwala otsukira.

Tsiku lina ndinalowa kukhitchini kukamwa madzi. Anti Esinati anasuzumira pakhomo, kenako anandinong'oneza.

"Mwanangu, umamva Chichewa?"

Ndinavomera ndi mutu. Kumva ndinkamva, kungoti ndinkayankha m'Chingerezi monga ana ambiri obadwira kuno.

"Tauni ino dzina lake ndi chiyani?"

Ndinaseka poganiza kuti akucheza. Iwo sanaseke. Nditawauza kuti Leicester, anabwereza dzinalo chapansipansi kangapo, n'kupitiriza kutsuka mbale.

Pobwerera, tili m'basi, ndinawauza amayi ngati nkhani yoseketsa. Anangondiyang'ana. Sabata yotsatira anabwera msanga kudzanditenga, napeza mpata wocheza ndi Anti Esinati kuseri. Zimene anamva anandiuza nditakula. Panalibe chibale chilichonse. A Mwale anawatenga ku Dedza powalonjeza ntchito, atangofika anawalanda pasipoti, n'kuwaopseza kuti akangotuluka panja apolisi awamanga. Malipiro sanawaonepo. Eni nyumba akamachoka ankawakhomera m'kati.

Amayi anapangana ndi Mayi Tembo, mnzawo wa ku Zambia amene anali ndi galimoto. Lamlungu lina m'mawa anandikhazika pabedi.

"Chikondi, kiyi wa khomo lakumbuyo kwa a Mwale amamubisa pati?"

Ndinkadziwa. Tadala anandionetsa yekha, atandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Amayi sanandikakamize. Kenako ndinanena: pansi pa njerwa, kuseri kwa bini.

Tinafika a Mwale ali kutchalitchi. Msewu unali zii, kukuwaza kamvula. Amayi atatsegula, Anti Esinati anaima pakhomo atagwira mafelemu ndi manja onse awiri. Anakana kutuluka. Ankati apolisi ali pakona, ankati Mayi Mwale adziwa.

"Amai, tiyeni manje," anatero Mayi Tembo m'Chinyanja chawo. "Mukankhala muno muzafela muno."

Anatuluka atavala masilipasi, atanyamula kajumbo kamodzi. M'galimoto anagona pansi, mutu uli pa mapazi anga, mpaka ku Braunstone.

Anakhala nafe masabata angapo, akugona kuchipinda kwanga. Ankadzuka kusanache n'kuyamba kukolopa, amayi akuwaletsa. Ankapempha chilolezo chopita kuchimbudzi, ngakhale kwa ine mwana. Kenako bungwe lina lothandiza anthu otere linawatengera kutauni ina yomwe sitinauzidwe. Sindinawaonenso.

Mlandu wa a Mwale sunapite patali. Anti Esinati anakana kuchitira umboni, chifukwa abale a Mwale ankakhala pafupi ndi ana awo ku Dedza. A Mwale anapitiriza kukhala pampando wakutsogolo kutchalitchi. Amene anasalidwa ndi ife. Anthu ankati amayi apereka anzawo kwa azungu, achititsa manyazi anthu akwathu. Azimayi amene ankatipatsa moni wa manja awiri anayamba kuyang'ana kumbali. Tadala anandidutsa pakhomo la tchalitchi ngati sakundidziwa, ndipo sanandilankhulenso mpaka lero.

Titafika kunyumba tsiku limenelo ndinawakalipira amayi m'Chingerezi, ndikulira, kuti andilanditsa mnzanga. Anandisiya ndimalize, kenako anayankha m'Chichewa.

"Zoona, ndakupweteka, ndipo sindikuuza kuti sizikuwawa. Koma ine ndadyako chakudya m'nyumba ija kambirimbiri, ndikuyamikira kukoma, osafunsa kuti wophikayo amagona pati. Nditadziwa, sindikanatha kudyanso."

Tinasiya kupita kutchalitchi kuja. Amayi atadwala, zaka zambiri pambuyo pake, amene ankabwera kudzawaona kuchipatala anali Mayi Tembo okha.

Kusukulu tinkaphunzira za ukapolo ngati chinthu chakale, cha maunyolo ndi zombo, ndipo otsutsana nawo ankaoneka pazithunzi ngati anthu amene dziko lonse linkawaombera m'manja. Lero ndikudziwa kuti ukapolo ungakhale m'nyumba ya makatani oyera, yomwe eni ake amalankhula chinenero chako ndi kuimba nawe nyimbo imodzi. Ndikudziwanso kuti wotsegula khomo lotero nthawi zambiri sathokozedwa, amangotsala yekha. Amayi ankadziwa zimenezi asanandifunse za kiyi, ndipo anandifunsabe.