Lole yomwe sindinaione

Chaka chomwe dzina langa silinatuluke pa makuponi a feteleza, anthu a kampani ina anafika kwathu ku Kaluluma kudzatiuza za msatsimanga. Ankati njere za mtengowu zimatulutsa mafuta oyendetsera galimoto ngati dizilo. Anandisankha kukhala mlimi wotsogolera n'kunditengera ku maphunziro kuboma. Kumeneko anangotionetsa kabotolo kamodzi ka mafuta achikasu.

Nditabwerako, apongozi anga aamuna anandifunsa kuti, "Akamwini, mwaiona ndi maso anu galimoto ikuyendera mafutawo?"

Ndinachita manyazi kutchula za kabotolo. Ndinati ndaiona, chilole chachikulu. Mpaka ndinayeserera kulira kwa injini yake ndi pakamwa, ine bambo wa ana anayi, nditanjuta pamaso pa apongozi.

Anandikhulupirira. Anadzala msatsimanga theka la munda womwe ankalimapo fodya. Mitengo inachedwa kubereka, ndipo ogula anabwera kamodzi kokha ndi mtengo wongokwanira sopo, osadzaonekanso.

Apongozi sanandidzudzulepo mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda. Mitengoyo ikadali pomwepo, poti ngakhale mbuzi siziidya. Ndikamadutsapo ndimamva lole ija ikulira, ndipo mawu ake ndi anga.