Bwalo Lomwe Ndinayeza Poyenda

Zaka khumi ndi zinayi ndinaphunzitsa masewera pa sekondale ina kuno ku Chadiza. Mpira wa miyendo, wa manja, volebo, kuthamanga, zonse zinali pamutu panga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma pabwalo panalibe wondiyankha.

Chaka china m'ma 1990 ndinkalemba ndi phulusa mzere wothamangamo wa mamita 400. A Tembo, aphunzitsi a masamu, anabwera ndi tepi yoyezera. Ndinawabweza. "Masamu anu azithera m'kalasi," ndinatero. Ndinayeza poyenda, sitepe imodzi mita imodzi, kuiwala kuti ndine munthu wamfupi.

Misozi, mtsikana wa ku Mlolo, ankathamanga kuposa onse. Bambo ake anamulola kusiya kukumba mtedza chifukwa ndinawatsimikizira kuti akapambana pa mpikisano wa ku Chipata. Kumeneko Misozi anatsogola mpaka pokhota pomaliza. Atafika pomwe bwalo lathu linkathera, miyendo inamuthera. Atsikana anayi anamupitirira.

"Akochi, bwanji pothera panali patali chonchi?" anandifunsa akupumira m'mwamba.

"Anthu a m'tauni sadziwa kuyeza," ndinayankha.

Bambo ake sanamulolenso kuthamanga. Ine ndinabwereka tepi kwa kalipentala, osati kwa a Tembo, n'kukayeza ndekha Lamulungu anthu ali kutchalitchi. Ankasowa mamita makumi asanu. Ndinakonza mzerewo osauza munthu.

Lero Misozi amagulitsa matimati pamsika wa paboma. Akandiona amauza anzake, "Akochi anga awo! Ku Chipata anatibera, afunseni." Ndatopa nalo bodza langali, koma ndimavomerabe ndi mutu, n'kunyamula matimati anga n'kumapita.