Mnzanga Wachibwibwi wa M'buku

Fungo la buku latsopano limene mwana wanga wabwera nalo lero landibweza ku Kakumbi, ndili giredi seveni.

Ndinali wachibwibwi, moti m'kalasi sindinkatsegula pakamwa. Tsiku lina Madamu Mulenga, mphunzitsi wathu wochokera ku Kitwe, anandibwereka buku la nkhani. Ndinakaliwerengera kumunda, pa nsanja yoingitsira anyani. Mtsikana wa m'bukumo analinso wachibwibwi, ndipo akachita mantha ankaluma kolala ya yunifomu ngati ine! Anyani anathyola chimanga, ine maso ali m'buku.

M'mawa ndinathamangira kusukulu.

"Madamu, nda-ndani wakawauza za ine olemba bukuli?"

Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Sakukudziwa, mwana wanga. Nanga mnzakoyo anatani pamapeto?"

"A-analankhula pagulu, chibwibwi chili pomwepo!"

"Nanga iwe?"

Tsiku lomwelo ndinakweza dzanja, n'kuwerenga tsamba lathunthu. Ena anaseka, koma ndinamaliza, ndipo popita kunyumba ndinkangodumphadumpha mumsewu.

Chibwibwi ndikadali nacho, koma kuyambira pamenepo ndinasiya kupepesa ndisanayambe kulankhula.