Chitseko Chathu Chamatabwa

Amuna anga oyamba anali mkamwini wochokera cha ku Kachebere, munthu wolimba pa khasu komanso wodziwa kupachika fodya m'chigafa. Chaka chimene fodya anatikomera, anapita kwa mmisiri wa ku mishoni ya Ludzi n'kukapangitsa chitseko chamatabwa. Loko anakagula kwa Mmwenye ku boma. M'mudzi monse anthu ankatseka ndi zitseko zamapesi, choncho ena ankabwera kudzangochigogoda kuti amve kulira kwake.

Kachasu anayamba kuwalowa pang'onopang'ono. Poyamba ankamwa akaweruka kumunda, kenako ankamwa kuti apeze mphamvu zopitira kumundako, mapeto ake kumunda anasiyiratu. Nkhuku zinatha. Bulangeti linapita, jekete nayonso.

Tsiku lina ndikuchokera kudambo, ndinapeza nyumba ili yasa, mbuzi ili m'kati ikudya ufa m'lichero. Iwo anali khale pakhonde.

"Bambo a mwana, chitseko chili kuti?"

"Chakacheza," anatero. "Koma musade nkhawa mayi, kiyi ali ndi ine. Palibe angalowe."

Anali atachisenza kupita nacho kwa mayi wina wotcheza kachasu kutsidya kwa dambo. Chodabwitsa n'chakuti iwo sanavomere kuti chitsekocho palibe. Akamabwera ankaima pakhomo n'kuodira, ndipo ndikachedwa kuyankha ankakalipa kuti ndawatsekera panja. Mlongo wanga atabwera ndi chitseko chamapesi, amuna angawo anachitaya kutali, amvekere, "Ife pano tinasiya kalekale za mapesi!"

Anthu ankaseka, inenso nthawi zina ndinkaseka. Koma inali nyengo yachisanu, ndipo mphepo inkalowa mpaka pamphasa. Mwana wathu wamkazi anayamba chifuwa chimene sichinamusiye mpaka kukula kwake.

Nditatopa, ndinawoloka dambo. Ndinapeza chitseko chathu atachigoneka pa miyala kuseri kwa nkhokwe, amuna anga ali gada pamwamba pake, kukamwa kuli kakasi, ntchentche zikuchita kupikisana. Mayi wa kachasuyo anali ndi mantha kuti munthu angafere pakhomo pake asikali n'kumva za mowa woletsedwawo.

"Atengeni, chonde!" anandichonderera.

"Ndiwanyamula pa chiyani?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kuitana zidakwa zinzawo kuti ziwanyamule pachitseko pomwepo. Zinkadzandira njira yonse, ndipo pakati pa dambo zinawagwetsera m'matope n'kupitirira ndi chitseko chokha osazindikira. Ndinachita kukuwa kuti zibwerere. Polowa m'mudzi amayi ena ataona munthu wonyamulidwa chotero anayamba kulira maliro, onyamulawo nawonso n'kulira nawo.

Amuna anga atatsitsimuka mawa lake n'kuona chitseko chitatsamira khoma, anandiyang'ana mokwiya. "Mwaba katundu wa eni ake! Mukufuna kundichititsa manyazi?" Anachisenza n'kuchibweza. Ati chinawagulira mowa kachiwiri.

Ankhoswe anakhala pansi kangapo, koma sizinathandize. Pamapeto pake malume anga anawaperekeza kwawo. Pochoka, amuna angawo anafuna kumugwira mwana m'mutu, koma mwanayo anathawira kumbuyo kwanga. Kenako iwo ananyamuka.

Mvula itagwa kawiri, uthenga unabwera woti amwalira, mimba itatupa, maso ali chikasu. Ndinapita kumaliro wapansi, mwana ali kumsana ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda yekha. Alamu anga anandilandira bwino, ndipo palibe anandifunsa kanthu.