Mfumu ya mu dengu

Ku Rockville, ku America, ndinkasamalira agogo ena achizungu amene kale ankaphunzitsa mbiri yakale. Mutu unali utayamba kuwasokonekera. Dzina langa ankaliiwala tsiku ndi tsiku, koma nkhani ya ufumu waukulu woyamba padziko inawakanirira ngati chisoso pa chitenje. Ndikamawameta ndevu, pakamwa sipankatsekeka.

Ankati kudziko la pakati pa mitsinje iwiri, mzinda uliwonse unali ndi mfumu yake, mpaka munthu mmodzi anaigonjetsa yonse. Koma munthuyo akuti anayambira mu dengu. Mayi ake anamubereka mobisa, n'kumuika mu dengu lomata ndi phula, n'kulisiya pamtsinje. Anamutola n'kumulera ndi bambo wina wotunga madzi.

Tsiku lina ndinawafunsa, "Nanga atakula anawafunafuna mayi akewo?"

"Zimenezo sizinalembedwe," anatero.

Ndinachita mantha.

Wanga mwana ndinamusiya pobwera ku America atangoleka kuyamwa, m'manja mwa achemwali anga amene anali akusamukira ku Lilongwe. Pachibale tinapangana kuti kumeneko azidziwika kuti ndi wawo. Mwana wa munthu wa ku America amaonekera, ansanje angamuchite chipongwe. Iyenso sitinamuuze, poti mwana sasunga pakamwa. Kwathu mwana wa mbale wako ndi wako ndithu, ndiye palibe anaona cholakwika.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ku Woodbridge, ndinadzitsekera m'galimoto n'kuimba foni ya vidiyo.

"Achemwali, timuuze basi. Ndikuopa."

"Iwe, mwana ali pa mayeso, ukufuna umubalalitse? Tidzamuuza ukadzabwera."

Kubwera liti? Tonse tinkadziwa kuti mapepala anga sanalongosoke, ndikangotuluka m'dziko muno sindingalowenso. Ndisanayankhe, achemwali anamuitana mwanayo. Anabwera atatalika, makutu enieni a malemu bambo athu, n'kugwada mwaulemu ngati pamaso pa mlendo.

"Muli bwanji, anti? Zikomo nsapato zija."

Tinacheza za sukulu, za mpira. Kenako anandiyang'anitsitsa.

"Anti, kodi inuyo ana mulibe?"

Kumbuyo kwake achemwali ankapukusa mutu, maso ali tong'o, chala pamlomo.

"Ndilibe," ndinatero.

"Pepani," anatero mwana wanga.