Woyimba Amene Ankalira Kuba

Batire ija inali yakuda, yobenthuka pakona, ndipo pamitu pake pankatuluka ufa woyera umene aphunzitsi ankatiletsa kugwira. Loweruka lililonse amalume ankaimanga ndi malegeni pakaliyala ya njinga, n'kupalasa kuchoka kwathu ku Mitundu mpaka ku Nathenje, kumene mnzawo wa pachigayo ankaithira moto. Ikabwera, ana tonse tinkadziwa kuti Lamulungu masana kuli kanema.

Masiku amenewo dziko lathu linalibe wailesi ya kanema. Chipani chinali chimodzi, wailesi imodzi, ndipo munthu wanzeru ankayamba wacheuka asanatsegule pakamwa. Koma aphunzitsi athu a Sitandade 5 anali ndi kabokosi koonetsa zithunzi ndi makina a vidiyo, zimene wansembe wina wachizungu anawasiyira pobwerera kwawo, pamodzi ndi makaseti asanu ndi imodzi. Makaseti onsewo anali sewero limodzi lalitali la moyo wa woyimba wina wotchuka, lojambulidwa pa kanema wa kwawo kwa wansembeyo. Ine ndinali kamtsikana ka zaka khumi. Inali nyengo yachisanu, fodya atapita kumsika, chimanga chili m'nkhokwe, anthu ali ndi mpata woonera mavuto a anzawo.

Tinkadzaza pabalaza pa aphunzitsi, mawindo atatchingidwa ndi masaka. Ndimakumbukabe fungo la thukuta ndi mtedza wokazinga, ndiponso kuzizira kwa simenti pamiyendo yanga yotuwa. Mpando umodzi wokha wabwino unkakhala wa atcheyamani a chipani a kwathuko, amene sankaphonya tsiku. Ankati amabwera kudzaona ngati mulibe akazi ovala mathalauza, koma ndimakhulupirira kuti nawonso nkhaniyo inali itawakoka.

Vuto linali lakuti seweroli linali m'Chisipanishi, ndipo palibe amene ankamva. Apa ndi pamene amalume anapezera ntchito. Anali atakhalako ku Tete ali mnyamata, ndiye ankati Chisipanishi ndi Chipwitikizi ndi ana a mimba imodzi. Ankaima pambali pa kabokosiko, dzanja lili m'chiuno, n'kumamasulira. Lero ndikudziwa kuti Chipwitikizi chawocho chinali chongopemphera madzi ndi kutukwanira, koma bodza lawo linali lokoma, ndipo tinkalimeza losatafuna.

Makaseti awiri oyamba sanavute. Tinaona kamnyamata kosavala nsapato kakuyimba mumsewu, kenaka bambo wa suti yoyera akuyimba m'holo yodzaza, anthu akumuponyera maluwa. Pa kaseti yachitatu panabwera asilikali. Woyimbayo anakwera sitima ya pamadzi atanyamula kachikwama kamodzi, mkazi wake ndi mwana atatsala padoko. Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene ankapita ankangotchula mawu amodzi. Ankawatchula poyimba, ankawatchula ataledzera, ankawatchula atagwira pachifuwa misozi ili mbwembwembwe. Mawuwo tonse tinawamva bwinobwino popanda womasulira. Ankati, “Kuba.”

“Mwadzimvera nokhatu!” anatero amalume. “Akuti kuba. Munthuyu ndi mbava, n'chifukwa chake asilikali am'pirikitsa. Pano akuulula yekha.”

Anthu anaomba m'manja podabwa kuti azungu nawonso amatchula chimodzimodzi. Atcheyamani anagwedeza mutu n'kunena kuti kuba n'kuba basi, ngakhale utavala suti. Aphunzitsi anangoyang'ana pansi, akukonzakonza waya wa batire umene unali bwinobwino.

Onse anaseka, kupatula ine. Abambo anga anali atasowa pakhomo kwa zaka ziwiri. Anali kalaliki pamsika wogulira mbewu, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti anathawa ataba matumba a feteleza. Amayi sankatsutsa. Munthu akawafunsa ankangoti, “Zinatero,” n'kupitiriza zimene akuchita. Mpaka tsiku limenelo ndinkaibisa nkhaniyi m'mimba ngati chilonda cha pamalo osaoneka. Koma Lolemba kusukulu anzanga anali atapeza nyimbo yatsopano. Ndikamadutsa ankagwira pachifuwa, n'kupendeketsa mutu ngati woyimba uja, n'kukoka mawu: “Kuuuba!” Ndinamenyana kawiri, ndinang'ambitsa yunifomu, koma nyimboyo sinathe.

Ndinayamba kudana nawo abambo. Ndikunena mosabisa, ndinadana nawo ndi mtima wonse wa mwana, umene sudziwa malire. Lamulungu lililonse ndinkapitabe kukaonera, ndipo woyimbayo akamalira m'chipinda chake cha m'dziko lachilendo, atagwira chithunzi cha mwana wake, ine mumtima ndinkati lira, unaberanji. Kaseti yomaliza sitinaione. Makina aja anaitafuna itangoyamba, aphunzitsi anayesa kuikulunga ndi pensulo koma inakanika. Palibe amene anadziwa ngati munthuyo anabwerera kwawo. Amalume anangogamula kuti anafera kundende, anthu n'kubalalika.

Sabata yomweyo, Lachitatu masana, kunabwera mayi wina wa ku Nathenje, mnzawo wa amayi, amene ankachita geni ya nsalu cha kumalire a Zambia. Ananong'onezana kuseri kwa nkhokwe nthawi yaitali. Kenaka amayi anandiitanira m'nyumba n'kutseka chitseko, dzuwa lili pamutu. Pamphasa panali pepala long'ambidwa m'kope langa ndi pensulo imene anali ataisongola okha ndi mpeni wa anyezi, moti inkanunkha anyezi.

“Khala apa,” anatero motsitsa mawu. “Ulembe mawu awiri atatu kwa abambo ako. Ungoti tili bwino, wakula, uli Sitandade 5. Usalembe dzina la munthu. Mayiwa anyamuka pompano.”

Amayi sankadziwa kulemba. Amalume ankadziwa, koma pakamwa pawo panalibe chitseko, makamaka akalawa kachasu. Aphunzitsi anali munthu wa boma, ndipo kuwapempha kukanakhala kuwaika khosi pampeni. M'dziko lonse lapansi munthu amene akanalemba kalata imeneyo ndinali ine ndekha, ndipo ndinapinda manja.

“Sindilembera mbava.”

“Mwanawe, ndakupempha.”

“Akalire konko ngati wa m'kanema uja.”

Amayi anga sanali munthu wopembedza mwana. Tsiku lina lililonse khofi likanalira. Koma tsiku limenelo anagwada pamphasa, anatola pensulo ija n'kuiika m'dzanja langa, akupinda zala zanga chimodzichimodzi. Ine ndinatambasula zalazo, pensulo n'kugwa. Panja mayi uja anatsokomola, kusonyeza kuti nthawi yatha.

Zoona zake ndinazimva ndili mayi wa ana awiri, zipani zitachuluka, anthu atayamba kulankhula osacheuka. Abambo sanabe ngakhale chibakera cha feteleza. Tsiku lina pamsika anafunsa poyera chifukwa chimene mayi woyembekezera ankamuumirizira kugula makhadi awiri a chipani, yake ndi ya mwana wosabadwa. Mnzawo wina anawatsina khutu kuti galimoto ya boma ikubwera kudzawatenga, ndipo anadutsa m'nkhalango ya Dzalanyama wapansi mpaka anakapezeka ku Zambia. Nkhani ya feteleza anaiyambitsa ndi amayi eni ake, pachitsime. Banja la mbava linkangosekedwa, koma banja la munthu wotchedwa chigawenga linkasowa pogona, ndipo ana ake sukulu inkathera pomwepo. Amayi anasankha kuti ndizisekedwa ndili m'kalasi. Sakanandiuza, chifukwa ndinali wolongolola ngati amalume anga, ndipo ndikanakauza anzanga onse kuti ndiwatseke pakamwa.

Za mawu aja ndinali nditazidziwa kale, ku sekondale, tsiku limene ndinaona pamapu chilumba chachitali chotchedwa Cuba. Ndinatchula dzinalo chapansipansi, chala chili pamapupo. Woyimba uja sankaulula mlandu. Ankaitana dzina la kwawo. Aphunzitsi ankadziwa, koma dzina la dziko lachikomyunizimu limenelo silinali lotchula pamaso pa atcheyamani. Mayi wa ku Nathenje uja sanabwerenso, geni ya kumalire anaisiya chifukwa cha mantha. Abambo anamwalira ku Zambia konko patapita zaka zitatu kuchokera pa tsiku la kalata lija, asanaone chilembo ngakhale chimodzi cha dzanja langa.

Koma Lachitatu limenelo zonsezi sindinkazidziwa. Ndinangoona amayi akutuluka kukauza mnzawoyo kuti azipita. Atabwerera anakhala pakhomo, pepala losalembedwa lili pamiyendo. Mtima unandiluma pang'ono, ndiye ndinawayandikira kuti ndiwapatse mpata womaliza.

“Amayi, ndiuzeni zoona. Abambo anabadi?”

Anayang'ana kumsewu, kumene ankadutsa anyamata awiri a chipani ovala malaya ofiira. Anayang'ananso ine, nthawi yaitali, ngati akundiyeza msinkhu.

“Anaba, mwanangu,” anatero.

Ine ndinamva kukoma kuti ndapambana, ndipo ndinapita kukasewera fulaye.